Nsalu yobiriwira: mmene mungaimikire kwaya m'munsi mwa phiri la Mulanje muli m'holo ya tchalitchi

Sabata siyitha ndisanalandire uthenga wa pa WhatsApp wofunsa zomwezomwezo: "Achimwene, kanema uja wa kwaya itaima pa Dziwe la Nkhalamba munapanga ndi app yanji?" Chala chatopa n'kuyankha, ndiye ndalemba pano kamodzi. Wofunsanso ndizingomuponyera izi.

Kwaya ija kudziweko sinapondeko. Theka la oimbawo ndi amayi achikulire oti sakanatha kukwera kuchokera pa Likhubula atavala yunifolomu yoyera. Tinawajambulira m'holo, kutsogolo kwa nsalu yobiriwira, dziwelo ndinakalijambula ndekha tsiku lina. Za app ndizinena kumapeto, chifukwa kanema wotere amakoma kapena kuwonongeka musanatsegule n'komwe kompyuta.

Mawu anayi muyambe mwawadziwa, poti mukumana nawo paliponse. Chroma key ndiko kuchotsa mtundu umodzi pa kanema n'kuikapo chithunzi china. Plate ndi chithunzi chakumbuyocho. Matte ndi chithunzi chakuda ndi choyera chimene kompyuta imadzipangira: poyera ndi pamene patsale munthu, pakuda ndi pobowoka. Spill ndi kubiriwira kumene kumachoka pa nsalu n'kukamata pakhungu ndi pazovala. Mdani wathu wamkulu ndi ameneyu.

Nzeruyi si yadzulo. Katswiri wa zamafilimu Larry Butler analandira mphotho ya Oscar chifukwa cha filimu ya mu 1940 ya The Thief of Bagdad, momwe anagwiritsa ntchito nsalu yabuluu, koma m'mphepete mwa anthu munkatsala kamzere kabuluu, ndipo tsitsi, utsi ndi galasi zinkavuta. Amene anadzalimbana nalo vutoli moyo wake wonse ndi injiniya wa ku America, Petro Vlahos, yemwe anabadwa mu 1916 n'kumwalira mu 2013. Dzina lakelo tikumana nalonso pa gawo lachinayi.

1. Yambani ndi chithunzi chakumbuyo, osati anthu

Pafupifupi aliyense amayambira kumchira: ajambula oimba, kenako n'kumasakasaka pa intaneti chithunzi choti aike kumbuyo. Mapeto ake munthu wawala kumanzere, phiri lawala kumanja, wowonera n'kumangomva kuti pali chinachake cholakwika ngakhale sangachitchule.

Pitani mukajambule malowo kaye. Kamera ikhale pa tripod, isagwedezeke, ndipo muisiye ijambule kwa mphindi zingapo kuti mitambo, masamba ndi madzi ziziyenda. Chithunzi chouma kumbuyo kwa anthu ovina chimadziwika msanga. Musanachoke pamalopo lembani m'kope zinthu izi: nthawi, kumene kunali dzuwa poyerekeza ndi kamera, ngati kunali mitambo, kutalika kwa kamera kuchokera pansi, komanso lens imene munagwiritsa ntchito. Kutalikako yezani ndi tepi ya atelala, osangoyerekeza ndi maso. Pa foni, ngati munajambula pa 1x, anthunso mudzawajambule pa 1x.

Kwa ife a mbali ya ku Chitakale ndi ku Likhubula, dzuwa limatulukira kuseri kwa phiri. M'mawa phiri limaoneka lakuda ngati khoma, masana akapendeka ndi pamene matanthwe a Chambe amawala. Sankhani chimene mukufuna, podziwa kuti anthu anu adzayenera kuwala mofanana ndi zimenezo. Ngati mukufuna minda ya tiyi, kumbukirani kuti ili ndi eni ake. Kapempheni ku ofesi ya esiteti musanaimike tripod.

2. Nsalu

Ikhale yobiriwira kwambiri, yowala ngati tsamba lanthete la tiyi, osati yodera ngati yunifolomu ya asilikali. Isakhale yonyezimira. Setini ayi, lesi ayi. Muli m'sitolo momwemo iunikeni ndi tochi ya foni cham'mbali. Ikachita waliwali, isiyeni. Ikhalenso yokhuthala, yoti kuwala kwa windo kusamaonekere kuseri.

Kwa munthu mmodzi kapena awiri, mamita atatu m'litali ndi atatu m'lifupi amakwana. Nsalu za m'sitolo sizikhala zotambalala choncho, ndiye mupita kwa atelala akalumikize. Muwauze kuti msoko ukhale kumbuyo, ausite ugone, ndipo pamwamba ndi pansi apinde mpata wolowetsamo nsungwi. Nsungwi yapansi ndi imene imakoka nsalu kuti iwongoke. M'mbali kokani ndi mapegi ndi chingwe. Makwinya onse achoke ndi simbi, chifukwa kwa kamera khwinya lililonse ndi mtundu wina.

Ena amafunsa chifukwa chake n'chobiriwira. Khungu la munthu, kaya wakuda kaya mzungu, lili ndi kufiira kwambiri kuposa kubiriwira kapena buluu, ndiye mitundu iwiriyi siisokonezeka ndi nkhope. Makamera ambiri a masiku ano amatsata kamangidwe ka Bryce Bayer wa kampani ya Kodak, ka mu 1976: pa timaso tinayi tilitonse ta kamera, tiwiri timaona zobiriwira, kamodzi zofiira, kamodzi zabuluu. Choncho kamera imaona zobiriwira bwino, ndipo nsaluyo siifuna nyali zambiri. Buluu amagwirabe ntchito, makamaka ngati yunifolomu ya kwaya ili yobiriwira, kungoti amafuna kuwala kochuluka.

3. Zovala

Uzani anthu tsiku lisanafike, ndipo pa tsikulo muwaone mmodzimmodzi asanaime. Ine ndinaphunzirira pa duku. Mayi wina anabwera atamanga duku lakuda la timasamba tobiriwira, ine osalabadira. Usiku ndikudula kanemayo, mutu wa mayiyo unali ngati sefa, madzi a mathithi akutsika kudutsa mkati. Ndinachita kupita kunyumba kwawo kukawapepesa: "Amayi, cholakwa ndi changa, tibwereze Loweruka." Anaseka mpaka misozi, koma thiransipoti ya anthu onse inatuluka m'thumba mwanga.

Zitenje zambiri zili ndi kobiriwira kobisika, ziyang'anitsitseni. Chikasu nacho chimavuta, chifukwa chake muchimva posachedwa. Mawotchi, ndolo zazikulu, magalasi a m'maso ndi nsapato zopolishidwa kwambiri zimatenga mtundu wa nsalu ngati kalilole.

4. Mtunda ndi kuwala

Apa ndi pamene mavidiyo ambiri ophunzitsa amangodutsapo ndi mawu oti muunikire bwino. Tikhalitsapo pang'ono.

Vlahos anaona kuti pa zinthu zambiri zimene timajambula, khungu ndi zovala zomwe, buluu sapitirira kubiriwira kwenikweni. Pa nsalu yabuluu pokha ndi pamene buluu amakwera yekha kusiya mitundu inayo kutali. Ndiye m'malo mofunsa ngati kadontho ka chithunzi kali kabuluu kapena ayi, iye ankayeza kuti buluuyo wapitirira mitundu inayo ndi mlingo wotani. Akapitirira kwambiri, imeneyo ndi nsalu, pabowoke. Akapitirira pang'ono, pamenepo pali tsitsi kapena utsi, pabowoke pang'ono. Mu 1965 iye pamodzi ndi Wadsworth Pohl ndi Ub Iwerks analandira Oscar ya zaluso chifukwa cha njira zolumikizira zithunzi zamitundu, nthawi imene filimu ya Mary Poppins inali itangoonetsa anthu akuvina ndi tizithunzi tojambula pamanja. Pa filimu imeneyo kumbuyo kwa anthu kunkaunikiridwa ndi nyali zachikasu za sodium. Mu 1976 anayambitsa kampani ya Ultimatte, imene inagulidwa ndi Blackmagic Design mu 2016. Masamu omwewo, atatembenuzidwira ku zobiriwira, ndi amene ali m'mapulogalamu ambiri lero.

Tanthauzo lake kwa inu ndi ili. Kompyuta ikuyeza kusiyana kwa mitundu. Nsalu ikada pakona, kusiyanako kumachepa, pamatsala zakuda ngati mwaye. Nsalu ikawala mopitirira mpaka kuyererako, kusiyanako kumachepanso. Kubiriwira kukafika pakhungu, kompyuta imayamba kudya munthuyo. Ntchito yanu yonse ndi yoti nsalu iwale mofanana paliponse, ndipo kuwala kwakeko kusafike pa munthu.

Choyamba ndi mtunda. Munthu aime mamita awiri kuchokera pa nsalu, atatu ngati malo alipo. Anthu amakonda kubwerera m'mbuyo akamaimba mpaka msana kukhudza nsalu, ndiye lembani mzere pansi ndi choko. Akatalikira, chithunzithunzi chake chimagwa pansi osati pa nsalu, ndipo spill imachepa yokha. Vuto lake n'lakuti munthu akatalikira, nsalu imaoneka yaing'ono pa kamera. Musalimbane nazo: kwaya ya anthu makumi awiri ijambuleni m'magulu a anthu anayi kapena asanu, kamera osaisuntha, nyimbo ikulira pa sipika kuti milomo igwirizane, mudzawasanja pa kompyuta.

Chachiwiri, nsalu ikhale ndi nyali zake, munthu akhale ndi zake. Nyali ziwiri zofanana, ina uku ina uku, ziloze pa nsalu mopendekeka, ndipo zikhale kumbuyo kwa mzere wa choko uja kuti zisaunikire oimba. Musaziyandikize. Kuwala kumatha msanga: mukawirikiza mtunda kawiri, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake babu yoyandikira imapanga chigamba chowala pakati, m'makona muli bii. Kokerani nyali patali, kutsogolo kwake mupachike nsalu yoyera yopyapyala, yotalikirako ndi babu kuti isapse. Mababu onse akhale amtundu umodzi. Osasakaniza oyera ndi achikasu.

Maso amanama pa nkhani imeneyi, amaona ngati nsalu yawala mofanana pamene sizili choncho. Jambulani chithunzi cha nsalu yokha, chisandutseni chakuda ndi choyera, mukweze contrast mpaka kumapeto. Zigamba zonse zimaonekera poyera. Sunthani nyali, jambulaninso, mpaka nsalu ioneke yotuwa mofanana. Pamatha theka la ola apa, ndipo oimba amayamba kung'ung'udza. Muwauze afike mochedwerapo.

Ngati mulibe nyali, kapena magetsi athima, tulukani panja. Ife kuno tili ndi mwayi umene ena amaulipira ndalama zambiri: chiperoni. Miyezi yozizira ija, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mitambo ikaphimba kumwamba konse, kuwala kumakhala kofewa, kofanana mbali zonse, kopanda zithunzithunzi. Bola kusakhale mvula yowaza ndi mphepo yogwedeza nsalu. Tsiku ladzuwa, imikani nsalu mumthunzi wa khoma lalitali, osati pansi pa mtengo, poti masamba amadontheza timadontho ta dzuwa. Koma panja pali msampha wathuwathu. Dera lino ndi lobiriwira paliponse, kapinga, nthochi, tiyi. Munthu akaima pa kapinga, kubiriwira kumamumenya kuchokera pansi, kumakhala kunsi kwa chibwano ndi m'manja. Yalani mphasa kapena mikeka pamene aimepo, kapena jambulirani pabwalo losesa.

Chachitatu ndi khungu lathu, limene mavidiyo akunja saliganizira. Khungu lakuda likadzola mafuta kapena likachita thukuta limanyezimira, ndipo chimene chimaoneka m'kunyezimirako ndi mtundu wa chinthu chili pafupi. Yang'anani m'mbali mwa chipumi, pamasaya, pamapewa ndi pamikono: muona mzere wobiriwira ngati wopaka. Pemphani anthu asadzole kwambiri tsikulo, ndipo pakhale wina wogwira kansalu kopukutira nkhope. Mbali za nsalu zimene sizikuoneka pa kamera zipindeni kapena ziphimbeni ndi bulangete lakuda, poti zikungoponya kubiriwira pachabe. Kenako ikani kanyali kamodzi kumbuyo kwa munthu, m'mwamba, koloza pamapewa ndi kumutu. Kameneka kamatsuka kubiriwira m'mphepete, tsitsi n'kusiyana bwino ndi nsalu. Kasawale kwambiri, apo ayi munthu aoneka ngati wazunguliridwa ndi waya woyaka.

5. Munthu awale ngati ali pamalo paja

Tsegulani kope lija. Ngati pa plate dzuwa linali kumanja, nyali yaikulu ya munthu ikhale kumanja, pa msinkhu wofanana. Ngati kunali mitambo, musamuunikire ndi nyali yolasa yopanga zithunzithunzi zakuthwa pansi pa mphuno. Kamera ikhale pa utali womwe uja munayeza.

Opanga mafilimu akuluakulu amanyamula mipira iwiri pamalo ojambulira, wina wonyezimira ngati kalilole, wina wotuwa. Wonyezimira umaonetsa kumene kukuchokera kuwala konse, wotuwa umaonetsa mphamvu ndi mtundu wake. Paul Debevec ndi amene anatchukitsa njira yotenga kuwala kwa malo enieni kudzera pa mpira wotere n'kukakugwiritsa ntchito pa kompyuta, ndipo mu 2010 iye ndi anzake atatu analandira mphotho ya zaluso ya Academy, bungwe lopereka Oscar, chifukwa cha makina ounikira otchedwa Light Stage. Ine ndimayenda ndi kampira konyezimira kokongoletsera mtengo wa Khirisimasi ndi dzira lowiritsa. Ndimazijambula kuphiri, n'kudzazijambulanso m'holo pamene aime munthu, n'kusuntha nyali mpaka zithunzi ziwirizo zifanane. Dziralo ndimadya pobwerera.

6. Kamera

Magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho jambulani pa 25 fps (zithunzi 25 pa sekondi), shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse) ikhale 1/50. Mafoni ambiri amabwera ali pa 30, ndipo pansi pa mababu ena muona mizere ikuyenda pa nsalu. Ngati kamera ya foni yanu siilola kusintha, yesani Open Camera, ndi yaulere pa Android. Anthu akamavina mwamphamvu kwezani shutter ifike 1/100, chifukwa dzanja lothamanga limasakanikirana ndi nsalu, podula limasowa.

Foni ikaona nsalu yowala imadzichepetsera kuwala, nkhope n'kuda. Dinani pankhope osachotsa chala mpaka itseke exposure (mlingo wa kuwala) ndi focus. White balance, imene imasunga kuti zoyera zioneke zoyera, nayo itsekeni ngati n'kotheka. Zimitsani HDR, zosalalitsa nkhope ndi zofufutitsa kumbuyo. Ngati foni ili ndi 4K, gwiritsani ntchito, poti kanema wa pa foni amasunga mitundu moperewera poyerekeza ndi kuwala, ndipo m'mphepete mumatuluka timano ngati ta sowo. Musanayambe, jambulani nsalu yopanda munthu masekondi khumi.

Ndipo chonde, kanemayo musatumizirane pa WhatsApp mwachizolowezi. Amafinyidwa mpaka m'mphepete monse kuphwanyika. Gwiritsani ntchito chingwe, memory card, kapena mutumize ngati document.

7. Kudula

Tsopano app ija. Pa foni, CapCut ndi KineMaster zonse zili ndi chroma key. Pa kompyuta, DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere, ndipo chida chake chodulira chotchedwa Delta Keyer chimagwira tsitsi bwino kuposa za pa foni, kungoti imafuna kompyuta yamphamvuko.

Plate ikhale pansi, anthu pamwamba. Yambani ndi kudula ndi mask (malire amene mumalemba nokha mozungulira munthu) zonse zakunja kwa munthu: nsungwi, mapegi, makona akuda. Musavutitse chroma key ndi malo amene munthu safikako. Mtundu wochotsa usankheni pafupi ndi mutu kapena phewa. Kwezani mphamvu pang'onopang'ono, nsalu ikangotha imani pomwepo. Ambiri amakankha mpaka kumapeto, makutu n'kudyeka, mesh n'kusanduka chipewa. Pomwe pulogalamu ikulola, yang'anani matte yeniyeniyo: munthu ayere mbee, kumbuyo kude bii, kotuwa kukhale m'tsitsi mokha.

Kenako despill, imene imatsitsa kubiriwira kuti kusapitirire mitundu inayo. Apa ndi pamene chikasu chimalira. Chikasu pa kanema ndi kufiira kophatikiza ndi kubiriwira, ndiye mukatsitsa kubiriwirako malaya achikasu amasanduka olenji. Mukaona nkhope zayamba kufiirira ngati zapsa, mwapitiriza, bwererani.

8. Kumata

Kudula bwino sikokwanira, munthu akhoza kuonekabe ngati sitika. Fananitsani zakuda kaye: malo akuda kwambiri pa munthu asade kuposa malo akuda a pafupi naye pa plate. Kenako mtundu, ngati plate ndi ya dzuwa lamadzulo, munthu afiirireko pang'ono. Phiri lakutali lisaoneke lakuthwa kuposa nkhope, lifufutitseni pang'ono.

Mapazi ndi ovuta. Munthu wopanda chithunzithunzi pansi amaoneka ngati akuyandama. Poyamba jambulani kuyambira m'mawondo kupita m'mwamba, nkhani yatha. Mukafuna thupi lonse, ikani kachigamba kakuda kofewa pansi pa phazi lililonse, ndipo patsogolo pa oimba muikepo udzu kapena mwala wodula kuchokera pa plate yomweyo, kuti akhale pakati pa zinthu.

Chimene chimamata zonse pamodzi kwa ine ndi nkhungu yopyapyala yodutsa kutsogolo kwa anthu ndi phiri lomwe. Mu Resolve imapangidwa ndi chida chotchedwa Fast Noise. Njira yopangira mitambo, utsi ndi moto pogwiritsa ntchito masamu otere inatchuka ndi Ken Perlin, yemwe analandira nayo mphotho ya zaluso ya Academy mu 1997. Ikhale yochepa yoti munthu asaizindikire. Wa ku Thyolo kapena kuno amaidziwa nkhungu yeniyeni, mukachulutsa akufunsani amene akuwotcha zinyalala.

Mukamaliza, kaonereni pa foni yotchipa komanso pa TV yaikulu musanapereke kwa eni ake. Pa TV ndi pamene timabowo ta m'tsitsi timaonekera.

Nsaluyo mukatha musaipinde ngati chitenje, mizere yake imavuta kusita. Ikulungeni pa nsungwi yomwe ija, iume kaye bwinobwino, ndipo muisunge pamwamba, kutali ndi khoma. Chinyezi cha kuno sichichedwa: yanga yoyamba ndinaisiya pakona m'nyengo ya mvula, pomadzaitambasula inali itachita nkhungu madonthomadontho akuda, ndipo pano ndi yophimbira njinga.